Manang Loling Akusiya Chipinda cha Mafizo

Bwana mkulu wa chipatala, madokotala, anamwino ndi anzanga onse a ntchito. Nong Berting, achimwene awo a mayi amene tikutsanzikana nawo lero. Ndi iwe Charito, mwana wawo, amene ukutionera pa foni uli ku Canada, ngati netiweki siinadukenso: ndakupatsani moni nonse.

Ine ndine Fidel, wa ku mafizo. Ena simundidziwa, ndipo sindikudabwa. Chipinda chathu chili kumapeto kwenikweni kwa khonde, kuseri kwa kochapira zovala. Amafikako ndi odwala ndi osochera basi.

Manang Loling, lero mukhala chete, ndiyankhule ine. Ndikudziwa kuti zikukuwawani.

Ndani muno amene sanayesedwepo dzanja ndi mayi awa? Moni wawo ndi mayeso. Amakugwira, nkukuuza kuti ufinye, kenako nkupukusa mutu. Ansembe atabwera kudzadalitsa wodi yatsopano, anauzidwa pamaso pa anthu kuti dzanja lawo ndi lofewa ngati buledi wa pandesal wonyikidwa m'khofi. Sabata yotsatira tinawaona pa mzere wa odwala athu.

Koma nawonso anayamba ngati tonsefe. Nkhani iyi amaikamba okha, ndiye sindikuulula chinsinsi. Atangoyamba ntchito kunabwera mtsikana wodandaula kuti thupi lonse limamuphwanya. Manang anamuyesa. Chala chachikulu chinkapindika mpaka kukhudza mkono, mawondo ankathawira kumbuyo. Manang anasangalala, anaitana anamwino kuti adzaone, nkumuuza mtsikanayo kuti thupi lofewa chonchi ndi la ovina, azipita kwawo. Pokwera jipini, minibasi yathu ya kuno ija, pa geti pomwepa, atangogwira chitsulo, phewa linaguluka. Anabwera naye dalaivala, okwera onse ali pambuyo, aliyense ndi malangizo ake.

Ife tikuseka lero, koma Manang tsikulo sanaseke. Anawerenga, anafunsa, mpaka anamvetsa kuti pali anthu obadwa ndi minyewa yomanga mafupa yolobodoka, matenda otengera kumtundu. Mankhwala ochiziratu palibe. Chodalira ndi minofu, chifukwa ikalimba imathandiza kugwira mfundo kuti zisaguluke. Koma kwa anthu amenewa imatopa msanga, imalimba mochedwa, ndipo ukapupuluma umamuvulaza munthu. Ndi ntchito ya miyezi, nthawi zina zaka, munthu akungokweza kabotolo ka mchenga. Ochititsa mafizo ambiri saikonda. Manang anaitenga.

Ndikambe za mmodzi yekha. Inday Neneng anachokera kumapiri a ku Antique, khanda lake litanyamulidwa ndi apongozi. Anali atasiya kulinyamula, chifukwa manja ankaguluka polumikizira ndipo tsiku lina anatsala pang'ono kuligwetsa. Kumudzi ankamunena kuti ndi waulesi. Ankachita mafizo atazolika, osayankhula ndi munthu. Tsiku lina, Manang akumumanga dzanja, anafunsa motsitsa mawu: "Manang, kodi alipo wina wotere, kapena ndine ndekha?"

Manang anangomaliza kumanga dzanjalo. Ulendo wotsatira Neneng anapeza pa mphasa yake pali mayi wina, mphunzitsi wa ku Jaro, manja atamangidwa chimodzimodzi. Ine ndinawanong'oneza Manang kuti ukalamba wayamba, asokoneza nthawi za odwala. Anandituma kukagula msuzi wa batchoy, nkundiuza kuti ndisafulumire kubwerera. Pobwera ndinapeza awiriwo akuonetsana zala, akuseka. Chiyambire pamenepo Manang akhala akusokoneza nthawi za odwala, ndipo palibe wodwala anadandaulapo.

Neneng anadzamunyamula mwana wake atayamba kale kuyenda. Kamwanako kanali kolemera, kakuphiriphitha kufuna kutsika. Anakanyamula kuchokera pa chitseko mpaka pa windo, nkuima pamenepo nthawi yaitali atakakumbatira. Manang anatembenukira kukhoma, nkuyamba kupinda matawulo opinda kale.

Manang, anthu mwawalumikiza ambiri. Koma ine ndakhala nanu, ndipo ndaona zina. Amuna anu atamwalira, Charito atapita kunja, munayamba kufika woyamba ndi kuweruka womaliza. Achinyamata amene tinawaphunzitsa anapita onse, wina ku Dubai, wina ku London. Sindikuwadzudzula. Tinatsala awiri. Nkhomaliro mumadyera pa windo, inu uko ine uku, osayankhulana kwenikweni. Sindinkadziwa kuti chete ameneyo ndidzamusowa.

Mwezi wathawu munalephera kutsegula botolo la mafuta osisitira. Zala zinakana. Munandipatsa osandiyang'ana, ine ndinatsegula, ndipo tonse tinadziwa kuti nthawi yakwana.

Wolowa m'malo mwanu sanapezeke. Lolemba ndikatsegula ndekha. Odwala adzafunsa kuti Manang ali kuti, ndipo yankho sindinalikonze.

Zikomo chifukwa cha zaka zonsezi. Zikomo m'malo mwa anthu amene lero amadzipesa okha tsitsi, amakwera okha jipini, amagwira choko osachigwetsa. Ambiri sanathe kubwera, kwawo ndi kutali.

Dzulo ndinakufunsani kuti ku Guimaras, kwa achimwene anu, muzikachita chiyani tsiku lonse. Munandiyankha kuti, "Sindikudziwa, Fidel. Sindinakhalepo pa nyumba masana."

Mukaphunzira, Manang. Mukagone mpaka dzuwa likuwombeni. Mukakhale pansi pa mitengo ya mango, manjawo apume. Nong Berting, ndikupempha chimodzi chokha: alongo anuwa adzakuuzani kuti sakusowa kanthu, kuti mupite ku ntchito zanu. Musawamvere. Muzikhala nawo pa tebulo.

Anzanga, tiimirire tonse, tiwaombere m'manja Manang Loling.