Chimbale Chomwe Apongozi Achikonda

Pa siteji ya basi, kalipentala wina anaona bambo atavala malaya akuda a bandi ya roko yomwe iyenso amaikonda, ndipo anasendera pafupi.

"Achimwene, chimbale chawo chatsopanochi mwachimva?"

"Ndachimva. Atigwiritsa fuwa la moto anthu amenewa."

"Inetu ndachikonda. Magitala ake ndi ofatsa, mawu akumveka bwinobwino."

"Vuto lake ndi lomwelo. Apongozi akabwera kudzacheza kwathu, ndinkangoika chimbale chakale chija. Pofika nyimbo yachitatu, amakhala atamanga kale katundu."

"Nanga chatsopanochi?"

"Ndinawaikira Lolemba, voliyumu mpaka kumapeto."

"Anapita?"

"Anati ndibwereze nyimbo yachinayi. Dzulo atumiza uthenga kwawo kuti awabweretsere zovala zina ndi makina awo osokera."