Udzu wa Wapampando

Pa siteshoni ya minibasi ku Nyimba, bambo wina wa jekete anaimika njinga yodzaza mitolo ya udzu pafupi ndi mai wogulitsa nthochi.

"Bambo, udzu wonsewu ngwa khola?"

"Khola? Ngwa nyumba yanga, amai. Ndine wapampando wa mudzi wa alendo ku Nyalugwe. Malata ndinachotsa dzulo."

"Mayo! Anabooka?"

"Ndi atsopano. Koma azungu ogona ku kampu ya alendo safuna kujambula malata. Akuti mudzi suoneka wa ku Africa."

"Akazi anu avomela?"

"Apita kwao. Samvetsa chitukuko."

"Bambo, mvula ili pafupi! Denga likadontha, azunguwo adzati chiyani?"

"Mwaonetsa kuti simudziwa za alendo, amai. Nthawi ya mvula azungu sabwela."