Mbiri ya Bambo Goodson Gwanda, Amene Anasaka Manda a Msilikali wa ku Ireland

Abusa, akulu a mpingo, amayi a Chigwirizano, abale ndi anansi amene mwaima nafe pamphepo pano, ine ndine Daliso, mwana wachiwiri wa malemu. Ndinawaona komaliza ali moyo Lachiwiri pa 4 Malichi, masana, nthawi yoonera odwala. Anali atakhala tsonga pabedi, paipi ya mpweya ili m'mphuno, magalasi ali pamphumi monga mwa chizolowezi chawo. Ndinawatengera malalanje, koma sanawayang'ane n'komwe. Anandikodola kuti ndiyandikire, ine n'kuganiza kuti pali mawu a bambo kwa mwana wake. Zimene anandiuza zinali za msilikali wa ku Ireland amene anamwalira zaka zoposa zana zapitazo. Ndinatuluka m'wodimo nditakwiya.

Amalume a Bryson anandilangiza kuti ndiwerenge mwachidule, za msilikaliyo ndizisiye. Amalume, mundikhululukire. Ndayesa katatu kulemba mbiri ya bambo anga popanda munthu ameneyu, yakana.

Malemu Bambo Goodson Gwanda anabadwa m'chaka cha 1962 m'mudzi wa Chimbalanga, Mfumu Yaikulu Msakambewa, m'boma la Dowa. Anali mwana wachinayi m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Sukulu ya pulayimale anayambira kumudzi komweko, ndipo anasankhidwa kupita ku sekondale ya Robert Blake ku Kongwe. Anzawo a nthawi imeneyo akuti mphunzitsi akalakwitsa chaka m'phunziro la mbiri yakale, malemu ankakweza dzanja mpaka mphunzitsiyo avomere. Ife amene tinakhala nawo nyumba imodzi sitikudabwa. Atamaliza fomu folo anakaphunzira unamwino ku Nkhoma, nagwira ntchito kumeneko zaka zisanu ndi zinayi, kenako ku chipatala chachikulu ku Lilongwe.

M'chaka cha 1994 anamanga banja ndi mayi athu, a Vainess, ku mpingo wa CCAP. Mulungu anawapatsa ana awiri, achemwali anga a Olivia ndi ine. Mu 2004 anabwera kuno ku Glasgow pamodzi ndi anamwino ena, mayi n'kuwatsatira patapita chaka. Ife tinatsala ndi azakhali a Vera ku Dowa. Ine ndinabwera mu 2015, ndili ndi zaka khumi ndi zinayi, nditawaona bambo anga kanayi kokha chichokereni kwawo. Kuno anagwira ntchito m'nyumba yosungirako okalamba ku Maryhill mpaka matenda anawakhazika pansi. Okalambawo ankawakonda chifukwa sankafulumira. Nkhani imodzimodzi ankatha kuimvetsera kakhumi, n'kumafunsabe mafunso.

Pa mpingo anali mkulu wa mpingo, ndipo ambiri a inu mukudziwa kuti ntchito imene ndikuchita panoyi inali yawo. Mmalawi akamwalira ku Glasgow, ku Edinburgh, ngakhale ku Aberdeen, foni inkalira kwathu. Malemu ankaimbira abale kumudzi mmodzimmodzi mpaka chaka chilichonse chikhale m'malo mwake. Ankati munthu saikidwa ngati chiweto, ayenera kutchulidwa dzina, kwawo, ndi tsiku limene anatisiya. Apa ndi pamene mavuto athu anayambira.

Kuntchito kwawo kunali mayi wina wokalamba kwambiri, dzina lawo a Bridget Boyce. Tsiku lina anawafunsa malemu chifukwa chimene anafikira pantchito atavala suti yakuda. Malemu anafotokoza za mwambo wathu wowerenga mbiri pamaliro. Mayi Bridget anati bambo awo sanatchulidwepo ndi munthu aliyense. Anali a Manus Boyce, ochokera ku Donegal m'dziko la Ireland, amene anamenya nawo nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Anatulutsidwa usilikali mu 1917 mapapo atawonongeka. Kumayambiriro kwa 1921 chifuwa chitakula, anachoka panyumba ku Gorbals, kuno ku Glasgow, poopa kupatsira khanda lawo, lomwe linali mayi Bridget omwewo, ndipo sanaonekenso. Komwe anafera, tsiku limene anafa, manda awo, palibe ankadziwa. Bambo anga analonjeza kuti awapeza. Sanafunse mayi athu, sanafunse munthu. Mayi Bridget anamwalira mu 2018 osasiya mwana, ndipo kachitini kawo ka mabisiketi, momwe munali kalata yotulutsira msilikaliyo ndi baji yasiliva, kanabwera kwathu. Kuyambira tsiku limenelo m'nyumba mwathu tinakhala anthu asanu, wachisanu ali msilikaliyo.

Ndikuuzeni zimene ine ndinaphunzira mosafuna. Mafayilo ambiri a asilikali a nkhondo imeneyo anapsa ku London ndi mabomba mu 1940, ndipo ya a Manus inapsa nawo. Chinatsala ndi kakhadi ka penshoni, kopanda tsiku la imfa. Pali bungwe loona za manda a asilikali limene limatha kuikira mwala munthu amene anamwalira atatuluka kale usilikali, koma pokhapokha ukaonetsa kuti anafa ndi matenda amene anawatenga kunkhondo, ndiponso kuti anafa pasanadutse pa 31 Ogasiti 1921. Tsiku limeneli tinalimva pa chakudya cham'mawa, pa Khirisimasi, ngakhale pa chinkhoswe cha achemwali anga. Chimene malemu ankasowa chinali chimodzi chokha, tsiku la imfa.

Mayi wina wa ku laibulale anawalangiza chaka choyamba chomwecho kuti ayambe ndi mabuku a imfa a kuno ku Glasgow. Mayi athu ananenanso chimodzimodzi. Malemu anakana, ndipo mukudziwa mmene ankakanira, mwaulemu, akumwetulira, osasuntha. Ankati munthu akamva kuti mphamvu zatha amapita kwawo, ndani angafere kwa eni mudzi wake ulipo? Iwo okha anali ataperekezapo matupi angati ku bwalo la ndege? Choncho analemba makalata kwa ansembe a ku Donegal, parishi ndi parishi. Anapitako katatu pa basi ndi sitima ya pamadzi, n'kumakanda ndere pa miyala ya manda ndi supuni ya mayi, mvula ikuwakuntha. Ulendo wachitatu anabwerako ndi chifuwa. Zaka zisanu ndi ziwiri zinatha chonchi.

Tebulo lodyera linasanduka ofesi, ife tinkadyera pamiyendo. Malemu ankadziwa pamtima nambala ya usilikali ya a Manus, kutalika kwawo, ndi chipsera cha pachibwano chawo, koma tsiku lobadwa la mayi ankachita kukumbutsidwa. Mayi ankamutchula msilikaliyo kuti mkazi mnzawo. Ana a Sande sukulu ankafunsa ngati amalume a Manus apezeka. Ine nditasiya koleji m'chaka chachiwiri, ndinkadzukabe m'mawa n'kunyamula chikwama, kukakhala m'mphepete mwa ngalande ya Maryhill mpaka madzulo. Ndinkadikira kuti bambo anga azindikire, andikalipire. Panapita miyezi iwiri. Atadziwa, anangonena kuti popeza tsopano ndili ndi mpata, ndiwathandize kujambula makalata pa kompyuta. Ndinakana. Sindikunena izi kuti ndiwanyoze pamaso panu. Iwo omwe ndi amene anandiphunzitsa kuti mbiri yonama ndi chipongwe kwa womwalira.

Matenda a m'mapapo anawapeza mu 2023. Anasiya ntchito chaka chatha, ndipo anayamba kukonzeka zopita ku Dowa, kumene anali ataloza kale malo pafupi ndi manda a mayi awo. Mu Januwale madokotala anawauza kuti ndege sangakwerenso. Panapita masiku atatu. Tsiku lachinayi anauza mayi kuti akadzamwalira tisavutike ndi kunyamula bokosi, tidzawaike konkuno. Ndikudziwa kuti ena mwa inu simunakondwe nazo, ndipo mauthenga anu pa foni tinawawerenga onse. Anali mawu awo, si athu.

Tsono Lachiwiri lija, nditayandikira, anandigwira dzanja n'kunena mopumira, "Daliso, ndinalakwitsa. Munthu wolephera kupuma sakwera sitima. Msilikali uja ukamuyang'ane konkuno."

Ine ndinawafunsa ngati sangandifunseko za ine, ngakhale tsiku limodzi lokhalo. Anandiyankha kuti, "Iwe ndikudziwa komwe uli."

Ndinawauza kuti ndipita ndikapeza nthawi, ine munthu wosagwira ntchito, wosapita kusukulu. Sindinatsanzike bwino. Anamwalira m'mawa mwake, Lachitatu pa 5 Malichi 2025, mayi ali pambali pawo. Anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza ziwiri.

Lolemba lotsatira ndinapita ku laibulale ya Mitchell, kumene amasunga mabuku akale a mzinda uno. Ndinapita ndi mkwiyo, kuti ndikalephere ndithane nazo. Ndinapereka dzina ndi zaka. Sipanathe mphindi makumi anayi, setifiketi ya imfa inali patsogolo panga. A Manus Boyce sanafike ku Donegal. Anafera m'nyumba yogona amuna osowa pokhala, ku Maryhill, ulendo wa mphindi khumi wapansi kuchokera pakhomo pathu. Bambo anga ankadutsa mumsewu umenewo popita kuntchito, m'mawa uliwonse, makalata a ku Ireland ali m'thumba. Ndinaseka mokweza mpaka mayi wa pa desiki anabwera kudzandifunsa ngati ndili bwino. Sindinali bwino. Ndikanapita Lachiwiri lomwe lija masana, bambo anga akanagona akudziwa.

Patapita masiku awiri, osunga mabuku a manda anandiyankha. A Manus anaikidwa m'manda a anthu osauka, opanda mwala, m'chigawo cha Akatolika kuno ku Lambhill. Mukatembenuka, ndi kuseri kwa mpanda uwo. Malo a bambo anga tinali titasankha kale tisanadziwe zimenezi, ndipo sindikufuna kumva wina akundiuza tanthauzo lake pa chakudya.

Malemu asiya mkazi wawo, mayi Vainess Gwanda; ana awiri, Olivia ndi ine Daliso; mkamwini mmodzi ndi mdzukulu mmodzi; mlongo wawo, azakhali a Vera, ku Dowa, amene akumvera pa foni ya achemwali; alamu awo a Bryson; ndi makatoni asanu ndi atatu a mapepala amene sindikudziwa kuti ndiwaika kuti.

Adadi, zikalata zija ndatumiza ku bungwe lija dzulo, m'dzina lanu. Matenda olembedwa pa setifiketi ndi omwewo olembedwa pa kalata yowatulutsa usilikali. Mbiri ya a Manus imene munalonjeza munailemba kale yonse m'kope lanu lobiriwira, mzere womaliza wokha ndi umene munausiya wopanda kanthu. Abusa, ndipatseni mphindi imodzi ndiiwerenge, kenako onse awiri apumule mu mtendere.

Malemu Bambo Manus Boyce anabadwa m'chaka cha 1889 ku Donegal, m'dziko la Ireland. Anabwera ku Glasgow ali mnyamata, nagwira ntchito yonyamula katundu padoko. Analowa usilikali mu 1915, natulutsidwa mu 1917 chifukwa cha mapapo. Anasiya mkazi wawo, mayi Ellen, ndi mwana mmodzi, Bridget, amene anawadikira zaka makumi asanu ndi anayi kudza zisanu ndi ziwiri. Anamwalira ku Maryhill pa 19 Ogasiti 1921.