Mizere ya a Musakhudze

Khalidwe labwino limafuna kuti mlendo akafika pakhomo uyambe wamulandira katundu ndi kumupatsa mpando, mafunso pambuyo. Lamulo limeneli linkaswedwa poyera pa ofesi ina yokonza seva yosakira, pulogalamu imene umaipatsa mulu wa zolemba kuti izikupezera mawu aliwonse m'kuphethira kwa diso. Wongoyamba kumene aliyense ankalandiridwa ndi fayilo ya makonzedwe yaitali ngati ulaliki wa m'busa wokwiya, ndipo ambiri ankabwerera kwawo sevayo isanadzuke n'komwe.

Mwini fayiloyo anali mkulu wa makina, amene anzawo ankawatchula kuti a Musakhudze, potengera mawu amene ankalemba pamwamba pa mizere yawo. M'mawa wina anapeza mlamu wawo, mng'ono wa akazi awo, wogwira ntchito pa ofesi yomweyo, atakhala pa desiki yawo, chala chili pa batani lofufutira.

"Mlamu, ukutani pampando wanga?"

"Ndikufufuta, alamu. Abwana andituma. Akuti mzere uliwonse umene mwini wake sangaufotokoze uchoke."

"Abwana amalankhula mophiphiritsa."

"Anabwereza, kenaka anandifunsa ngati ndamva. Ophunzira akudikira m'chipinda icho. Abwana akuti ophunzirawo akalephera kudzutsa seva okha lero, agula pulogalamu ina, ndipo pa desiki yanuyi aikapo maluwa." Analoza pa sikirini. "Fotokozani uwu."

A Musakhudze anawerama, nakonza magalasi. "Umenewo ndi mzati wa nyumba."

Mlamu anadina batani, n'kuyang'ana kumwamba. "Denga likadalipo. Nanga uwu?"

"Iwe, wachita chiyani?"

"Ndafunsa ntchito yake, inu mwanditchulira mzati. Nanga uwu?"

"Umenewo ndinauika iwe usanadziwe n'komwe poyatsira kompyuta."

"Msinkhu wake ndamva. Ntchito yake?"

"Ulemu, mwana iwe. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto."

"Oo, ndi wozimitsa moto? Seva imapsa?"

"Ndi mwambi umenewo."

"Abwana sanatchule miyambi." Batani linalira, mzere unapita. Mlamu anatsitsa tsamba. "Tsono iyi, alamu, yonse ili ndi kachizindikiro kumayambiriro. Munandiphunzitsa nokha kuti makina akaona kachizindikiro aka amaudumpha mzerewo."

"Eya. Makina sawerenga imeneyo. Ndi ya anthu."

"Anthu amawerenga?"

"Ayenera kuwerenga."

"Sindinafunse zoyenera. Inuyo munaiwerenga liti?"

"Ndinailemba ndine. Wolemba sawerenga."

"Makina sawerenga, ophunzira sawerenga, wolemba sawerenga. Ndiye ikudikira ndani?"

"Tsiku la mavuto."

"Lero lafika, sinatithandize." Tsamba lonse linazimiririka.

A Musakhudze anamasula tayi. "Ndikawauza achemwali ako madzulo ano."

"Kawauzeni. Akuti wailesi ya kunyumba nayo munamatapo kapepala kanu. Nkhani amamvera pa ya aneba, kudzera pawindo."

"Za kunyumba zisalowe muno."

"Chabwino. Uwu ndi wa muno."

Unali mzere wotsiriza mwa yokayikitsa, wokhala ndi MUSAKHUDZE wa zilembo zazikulu pamwamba ndi wina pansi. A Musakhudze anagwira mpando wa mlamu wawo ndi manja onse awiri, mawu atatsika.

"Uwo wokha usiye. Ndikukupempha."

"Umachita chiyani?"

"Umateteza."

"Chiyani?"

"Zonse."

"Kwa ndani?"

"Kwa anthu ngati iwe."

"Ndiye walephera ntchito, poti ine ndafika kale."

Chimene chinatsala chinakwana pa sikirini popanda kutsitsa: kumene zolemba zili, ndi dzina limene seva izidziwika nalo. Mlamu ananyamula laputopu kupita nayo kwa ophunzira, a Musakhudze akulondola pambuyo ngati munthu woperekeza maliro ake omwe. Abwana anali ataima pafupi ndi chitseko, manja m'matumba.

"Ndani ayambe?" anafunsa mlamu.

Anadzuka mayi wina wachikulire, wosunga mabuku pa sukulu ina. Analemba kumene zolemba zake zinali, nadina batani mwamantha ngati akukhudza mbaula. Seva inadzuka. Analemba liwu limodzi, ndipo mayina a mabuku anadzaza sikirini. Ophunzira anaomba m'manja, koma mayiyo anatembenukira kwa a Musakhudze, napinda mawondo pang'ono.

"Bambo, pepani. Ine ndinabweranso chaka chatha. Ndinabwerera ndikulira m'basi, ndinkati mutu wanga ndi wouma. Kodi mizere yambirimbiri ija inkagwira ntchito yanji? Ndifuna ndidziwe pamene ndinalakwitsa."

Chikumbumtima ndi mlendo wosaodira, ndipo sichidikira mpando. A Musakhudze anavula magalasi, naima pakati pa chipinda.

"Mayi, simunalakwitse. Abwana, imvani nanunso. Mizere imeneyo sindidziwa ntchito yake. Yambiri ndinaikopa m'mafayilo a anthu ena ndili mnyamata, ndipo poti seva inadzuka, ndinaopa kuchotsa uliwonse. Wa zilembo zazikulu uja ndinaugunda mwangozi ndi chigongono tsiku lina ndikumwa tiyi. Magetsi anazima nthawi yomweyo, ndiye ndinaulemba chenjezo."

"Magetsi anazima mtauni monse tsiku limenelo," anatero mlamu.

"Ndinamva mawa lake. Chenjezolo sindinachotse." Anatembenukira kwa ophunzira onse. "Ndipo choipa kwambiri ndi ichi: ndinkasangalala mukamabwera pa desiki yanga kudzandipempha thandizo. Fayilo ikanakhala yaifupi, ndani akanandipatsa moni? Ndinakulandirani ndi mafunso m'malo mwa mpando. Kunena zoona, pa zinthu izi ine ndine wongoyamba kumene, ngati inu nomwe."

Abwana anatulutsa manja m'matumba, nagwedeza mutu mosonyeza kuti maluwa akapezeredwa malo ena. A Musakhudze, mtima utapepuka, anasendera pa laputopu paja, natambasula dzanja.

"Tsono lolani ndikuonetseni mmene..."

Mlamu anawagwira pamkono.

"Mwati ndinu wongoyamba kumene, alamu?"

"Ndatero, pamaso pa onse."

"Pachitseko apo munamata nokha lamulo lakuti ongoyamba kumene azikhala kumbuyo mpaka ataitanidwa." Anawalozera benchi yotsiriza. "Musakhudze."