Kunenerera Mtengo Poimika Galimoto Kunyanja

Aulutsi, ine palibe wamalonda anandidyerapo, ngakhale kuno ku Glasgow. Loweruka lina tinachoka ku Govanhill ndi mayi akunyumba kukapitidwa mphepo kunyanja. Poimika galimoto panali makina olipirira a khonsolo. Ndinati, "Mayi, makina sunganenerere nawo, tidikire mwiniwake."

Mwiniwake anabweradi, wayunifolomu, n'kumata chindapusa pagalasi. Ndinati, "Bwana, tikambirane, mtengo womaliza zingati?" Anangojambula galimoto n'kumapita.

Ndinalembera khonsolo kuti nyanja n'ja Mulungu. Anayankha kuti nyanja n'jauleredi, koma phula n'lawo, ndipo lamulo likuwalola. Pomwe ndinkalimbana nawo, chindapusa chinakwera. Ndinalipira mtima ukunyansidwa.

Pano ndimaimika kutali kwaulere, n'kumayenda nditasenza mipando, mayi akutsonya kumbuyo. Omvera anzanga, wapambana ndani apa?