Mitengo ya pansi pa zenera la agogo

Malemu anabadwa pa 9 Ogasiti 1948, m'kanyumba ka lendi kuseri kwa siteshoni ya sitima, ali mwana wachitatu wa bambo wokonza njanji ndi mayi wosoka zovala. Ine ndaima pano ndine mdzukulu wawo. Agogo aakazi andilamula kuti ndiwerenge mbiri yonse, osadumpha ngakhale paja ena mwakhala mukunong'onezana kuyambira tsiku la zovuta, kuti agogo aamuna anali ndi mkazi wina.

Sukulu anayamba mu 1955. Masamu ankawatha, koma aphunzitsi ankadandaula kuti maso awo sachoka pazenera. Mu 1965 bambo awo atamwalira, analekeza sekondale panjira n'kulowa ntchito yonyamula katundu m'sitolo ya zitsulo ndi utoto.

Tsiku lina mu 1971 anatumidwa kukasiya mapaipi ku munda wa zomera, kumene amasungako mitengo ndi maluwa a mitundumitundu kuti anthu a mumzinda azikaona. Mvula inawapeza komweko. Anathawira pansi pa mtengo waukulu wa m'mbali mwa dziwe, wa maluwa oyera onunkhira, n'kupezapo mtsikana wophunzira unamwino atafunditsa mabuku ake juzi, mwiniwake akunyowa. Malemu anamupatsa pulasitiki yokutira mapaipi. Mtsikanayo ndi agogo akhala apawa. Mpaka lero amati anawalola chifukwa cha chisoni chabe, poti munthu wake ankanjenjemera ngati mwanapiye. Ukwati anamanga mu 1973.

Mu 1980 anatsegula sitolo yawoyawo. Ambiri munawadziwira pamenepo, ataima kuseri kwa kauntala pakati pa misomali, mahinjesi ndi zitini za utoto, pensulo ili kukhutu. Mtengo sankatsitsa, jekete sankasintha. Munawapatsa dzina loti a Loko, mukuti kiyi wa dzanja lawo anagwera m'chitsime. Iwo ankaliyankha dzinalo mosadandaula.

Pofika 1998 munda uja unali utatheratu. Dziwe linauma, mpanda unagwa, ndipo kunamveka kuti malowo agulitsidwa kuti pakhale poimika magalimoto. Kenaka thandizo linayamba kufika kudzera kwa loya wina, lochokera kwa munthu wokana kutchulidwa. Munthuyo anapempha zinthu ziwiri zokha: pachipata asalipitse aliyense, ndipo mtengo wa padziwe usadulidwe. Madzi anabwerera, timisewu tinalambulidwa, ana a sukulu anayambanso kudzaza mabenchi. Mzinda wonse unkalota dzina la munthuyo. Nkhaniyo ikafika m'sitolo, malemu ankangoti ameneyo ndi munthu wosowa chochita ndi ndalama zake.

Kumundako ali ndi kachitidwe kawo. Wothandiza aliyense amamupatsa mbande ya mtengo wa padziwe, umene sumera ku njere koma amachita kuumeretsa ku nthambi. Popeza wothandiza uyu analibe nkhope, mvula ikayamba ankangoika mbande yake pabenchi ya pansi pa mtengowo. Chaka chilichonse mbandeyo inkasowa, ndipo iwo ankati ndi akuba.

M'zaka zomwezo kunyumba kunayamba kuzizira. Sitolo inkayenda bwino, koma denga la khitchini linkadonthabe. Loweruka masana malemu ankasamba, kuvala jekete ija, n'kusowa. Pobwera nsapato zili matope, kolala ikununkhira. Kamodzi pachaka ankafika ndi kamtengo m'chitini n'kukabzala pansi pa zenera la kuchipinda, n'kumati awapatsa ndi kasitomala. Pakamwa pa anthu sipagona. Inamveka mbiri yoti a Loko apeza wowatsegula.

Agogo aakazi anaimva, anaimeza. Sanalongedze katundu, sanawachititse amuna awo manyazi pagulu, koma timitengo tija sanatithirirepo ngakhale dontho. Mu 2006 mtengo woyamba unachita maluwa, ndipo fungo lake litalowa pazenera analizindikira. Mtima unawasweka kawiri, poganiza kuti winayo amakumana naye pansi pa mtengo wawo womwe uja. Tsiku limenelo anazula kamtengo kamene kanali katangobzalidwa kumene n'kukaponya kudzala. Malemu pobwera anaima nthawi yaitali akuyang'ana dzenjelo. Zaka zotsatira anapitiriza mzere, koma pamalopo sanabzalepo china.

Matenda a mtima anawayamba mu 2021. Mwezi watha anagwa m'sitolo, lilime n'kulemera. Kuchipatala ankagwira dzanja la akazi awo, kuloza kuzenera, milomo ikugwedera, koma palibe anamva chimene ankafuna kunena. Anatisiya pa 14 Novembala 2023.

Dzana kunafika mayi woyang'anira munda wa zomera kudzapepesa, poti makasu ndi zothirira ankagula kwa malemu. Atapita kuseri kukasamba m'manja, anaona mzere wa mitengo, kuyambira wopitirira denga mpaka wolekeza m'bondo, itaima ngati ana a bere limodzi pa chithunzi, pakati pali mpata umodzi. Pa ing'onoing'onoyo panali pakadali waya wobiriwira amene iwo eni kumundako amamanga pa mbande za pabenchi. Mayiwo anangokhala pansi pafumbi, sopo ali m'manja.

Dzulo loya uja anavomera kuti wothandiza uja anali malemu, poti lumbiro lake lathera pa imfa. Anati malemu ankaopa kuti wothandiza mundawo akadziwika, anthu adzaleka kuutenga ngati wawo. Atawafunsa za akazi awo, anayankha kuti mayiwo nkhani ikawafika m'mawa, masana imakhala ili pamsika. Agogo atamva anaseka, kenaka analira kulira kumene tinali tisanakumve chiyambire maliro. Akuti zapakamwazo sakukana, koma a Loko akanayesako kuwauza.

Sitikunena kuti anachita bwino kubisa. Chinsinsicho chinadya zaka zambiri za munthu amene ankamukonda. Koma inu amene mwakhala mukucheukira kuchipata, kudikira mayi wachilendo ndi ana ofanana ndi malemu, pumitsani makosi. Mkazi mnzawo wa agogo anafika kale. Ndi maluwa oyera ali pabokosiwa.

Malemu asiya mkazi, ana anayi, zidzukulu zisanu ndi zinayi, ndi mchemwali wawo mmodzi. Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino, akumpingo, anyamata a m'sitolo amene anawanyamula tsiku lija, anansi amene mwagona nafe, ndi ogwira ntchito kumunda amene mwabwera nonse ndi mayunifolomu anu. Ana a malemu agwirizana kuti thandizo lija lipitirira, ndipo pachipata sadzalipitsa munthu.

Lero m'mawa tisananyamuke, agogo anatenga ndowa, kukana kuti tiwalandire, n'kuthirira mitengo ija umodziumodzi mpaka kumapeto kwa mzere. Mvula yayamba, ndipo akumunda ati mbande ya chaka chino ili kale pabenchi. Agogo ati Loweruka akaitenga okha. Pobzala pake akupadziwa.

Agogo athu, a Loko, gonani. Mzimu wanu uuse mumtendere.