Chiwongolero Cholandira ndi Manzere

Zaka za unyamata wanga, njinga zamoto zisanadzadze m'misewu ya ku Chiuta, dzombe likatera m'dambo kunkabwera kandege kodzapopera mankhwala, ndipo ine, mwana wa msodzi amene sukulu ndinali nditangomaliza, ndinkasiya nsomba pathandala n'kupita kukathandiza kukunkhuniza migolo. Sendezani mpandowo, ana inu, miyendo yanga masiku ano sigwirizana ndi kuimirira.

A Chikopa, omwe ankayendetsa kandegeko, ananditenga. Ndinayamba ndi kutsuka mapiko, kenako anandibwereka mabuku awo, ndipo ndikalephera mayeso sankandikalipira, ankangondigulira tiyi n'kunena kuti tiyambirenso. Laisensi ndinaipeza ndili kale bambo wa ana. Ndapopera minda ya nzimbe, ndanyamula odwala, ndatula alendo odzaona njovu ku Liwonde, mpaka msana unakana. Inu lero ndege mumaionera pafoni, koma ife tinkaidziwira fungo la mafuta m'malaya.

Nditasamukira kuno ku Utale kudzapuma, adokotala anandiuza kuti maso anga akutha, chaka chino n'chomaliza kuuluka. Chimene chinkandiwawa n'chakuti ndidzatera komaliza popanda mwana wakuno ngakhale mmodzi wofuna ntchitoyi. N'chifukwa chake ndinayamba kubwereka kandege ka mnzanga, Loweruka lina ndi lina, kuti ndizikweza ana a sukulu mwaulere. Koma ana ake ati? Amabwera, amajambulitsa atatsamira phiko, amafunsa ngati ndinafikako ku Joni, basi apita. Ndinatopa. Ndinauza mayi akunyumba kuti ulendo wotsatira ukhala wotsekera.

Tsikulo panali mtsikana wa ku Nkaya, Asiyatu, amene anaima kumbuyo kwa anzake. Ndinangomuona akuchotsa botolo langa lamadzi padzuwa n'kuliika pamthunzi wa phiko, ndipo ndinati akwere iyeyo.

Tsono mvetsani. Wophunzira amakhala mpando wakumanzere, chiwongolero amagwira ndi dzanja lamanzere, chifukwa lamanja limakhala pa kachitsulo kowonjezera moto wa injini. Titakwera bwinobwino, Shire ali pansi pathu, ndinamuuza kuti alandire ndege ndi manzere. Iye anapinda manja pamiyendo.

"Iyayi agogo, chinthu cha akulu salandira ndi manzere."

Ndinafotokoza kuti kumwamba kuno dzanja lililonse lili ndi ntchito yake, ndinachita ngati ndikuseka, ndinanena kuti amayi ake sangationere kuno, koma mwanayo anangoweramitsa mutu. Sindinamukwiyire, analeredwa bwino, monga ndinaleredwera ine. Ndinangotembenuza ndege kuloza kubwalo, mumtima ndikuti zatha, ndipo poti phewa linkandiwawadi, ndinadziyankhulira ndekha kuti mkono wangawu watopa. Mawuwo anamufika m'zomvera za m'makutu zimene tinavala.

"Bweretsani ndikulandireni, agogo."

Ananena monga mmene mwana amanenera akakumana ndi munthu wamkulu atasenza mtolo panjira. Pamenepo sanasankhenso dzanja, anagwira ndi lamanzere lomwelo, limene linali pafupi ndi ntchito. Ndege inapendama pang'ono, iye anapuma mwamphamvu, kenako inawongoka, ndipo anaitsatitsa njanji mpaka tinaona madenga a ku Nkaya. Ine manja anga anali pamaondo. Titatera anandifunsa chapansipansi kuti munthu amafunika akhoze maphunziro ati, ndipo mpaka lero amabwera kunyumba ndi mafunso a masamu ondipweteketsa mutu.

Kaya adzafika kumene ndinafika, sindikudziwa, njirayi ndi yaitali ndipo ine sindidzamuperekeza kutali. Koma inu amene mwakhala chete kumbuyoko, ulemu wanu musautaye, ndi wabwino. Kungoti mukaona wamkulu watopa ndi chimene wagwira, musadikire kuti akuitaneni kawiri. Senderani pafupi, mumulandire.